KANDEKE KA WAILESI KAKAFA MOTA

Pa masewera onse amene anthu a m'matauni amacita Loweruka masana ataweruka ku nchito, palibe amene amasonkhanitsa ana msanga monga kuulutsa kandeke ka wailesi. Mwini wace amaima pakati pa bwalo atagwira kabokosi ka timitengo tiwiri, ndipo kandeke kamapita uku ndi uko monga zifunira zala zace. Koma limadza tsiku lakuti kandeke kaja kagwa camphuno, kapena katera kakununkha utsi, ndipo mota yace yaleka kuzungulira. Pamenepo mwini wace amafuna mota yina, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama zao.

Bvuto lace ndi ili: kawirikawiri mota yeniyeni imene inadza ndi kandeke sipezekanso, pakuti opanga amasintha katundu wao caka ndi caka. Tsono munthu amaitanitsa yina kucokera kutali, nadikira masabata angapo, ndipo ikafika amaona kuti siikwana pamalo pace. Coipa koposa ndi pamene mota yakwana bwinobwino, nizungulira mokondweretsa, koma patapita mphindi imodzi m'mwamba nitentha kabokosi kolamulira liwiro pamodzi ndi batire. Munthu wotere wataya zinthu zitatu pofuna kukonza cimodzi, ndipo mwina kandeke komwe kasweka.

Tindeke toyenda ndi magetsi si ta dzulo ai. M'caka ca 1957 ku England, Colonel H. J. Taplin anaulutsa kandeke kolamulidwa ndi wailesi koyendetsedwa ndi mota yamagetsi, ndipo ku Germany Fred Militky wa kampani ya Graupner analimbikira nchito yomweyo zaka zambiri. Koma masiku amenewo mabatire anali olemera ndipo mamota anali ofooka, kotero kuti anthu ambiri anakondabe tiinjini tamafuta taphokoso. Zinthu zinasintha pamene maginito amphamvu a neodymium anapangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndiponso pamene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium m'caka ca 1991. Wogwira nchito mumgodi angakondwe kudziwa kuti zimene amakumba zimam'bwerera m'kaphukusi kakang'ono: mawaya a m'kati mwa mota ndi a mkuwa, ndipo mabatire ambiri a lithium ali ndi cobalt, mwala umene umakumbidwa ku Copperbelt ndi tsidya la malire ku Congo.

MITUNDU IWIRI YA MOTA

Coyamba cimene mwini kandeke ayenera kucita ndico kuwerenga mawaya oturuka m'mota yakufayo. Akakhala awiri, ndiye kuti ndi mota yamtundu wakale, yokhala ndi timaburashi tamakala timene timakhuza citsulo cozungulira ndi kupatsira magetsi. Timaburashi timeneti timaperepeseka, ndipo mphamvu yambiri imathera m'kutentha. Mota yodziwika kwambiri ya mtundu uwu inali Speed 400, imene inaulutsa tindeke tosawerengeka m'zaka za m'ma 1990. Mawaya akakhala atatu, ndiye kuti ndi mota yopanda maburashi, imene tindeke tambiri ta masiku ano tiri nayo. M'mota yotere mulibe cokhuzana cina koma mabeyaring'i okha, ndipo nchito yosinthasintha magetsi m'mawaya atatuwo imacitidwa ndi kabokosi kolamulira liwiro, kamene ogulitsa amakachula ESC.

Timabokosi ta mitundu iwiriyi sitibwerekana nchito. Wocotsa mota ya mawaya awiri naika ya mawaya atatu ayenera kugulanso ESC yace, ndipo mtengo wace auwerengere pamodzi ndi wa mota asanaturutse ndalama. Kunena zoona kusinthako n'kwabwino, cifukwa mota yamaburashi yaing'ono imataya cigawo cacikuru ca mphamvu ya batire, pomwe yopanda maburashi yosankhidwa bwino imafikitsa ku pulopela pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10.

Mamota ambiri opanda maburashi a tindeke ali ndi cikhalidwe cimene cimadabwitsa wowaona koyamba. Mawaya amkuwa amakhala cete pakati, ndipo cimene cimazungulira ndi cigoba cakunja cimene maginito anamatidwa m'kati mwace. Mwini kandeke ka mphuno yopapatiza akumbukire ici, pakuti cigobaco cikakhuza waya kapena thabwa cidzalidya pang'onopang'ono kufikira magetsi atagundana.

Pa cigoba pamalembedwa manambala, ndipo manambala amenewa asokeretsa anthu ambiri. Mota ikalembedwa 2212, opanga ena amatanthauza kuti citsulo cam'kati comangidwa mawaya ndi ca mamilimita 22 m'mimba mwace ndi mamilimita 12 m'litali. Koma opanga ena amayesa cigoba cakunja, ndipo mota yonga yomweyo amaichula 2830, ndiko kuti mamilimita 28 ndi 30. Cotero munthu angagule 2830 poganiza kuti wapeza yaikuru kuposa 2212 yace, koma ikafika napeza kuti ndi mapasa. Njira yosanama ndiyo kufananiza kulemera. Mota ya 2212 imalemera pafupifupi magalamu 50, ndipo mamota awiri a mtundu umodzi olemera cimodzimodzi amakhoza kusenza nchito yofanana, dzina likhale lotani. Odziwa masewerawa ali ndi muyeso wao wongoyerekeza, wakuti galamu iriyonse ya mota isenze mawati atatu. Ndiye kuti mota ya magalamu 50 isapitirire kwambiri mawati 150.

NAMBALA YOCHEDWA KV

Nambala yofunika kuiganizira mofatsa ndi imene imatsatidwa ndi zilembo KV. Ambiri amayesa kuti nambala iyi ikakula ndiye kuti mota ndi yamphamvu, ndipo amasankha yaikuru monga munthu asankha nkhuku yonenepa pamsika. Sizitero ai. KV imangonena kuti mota idzazungulira kangati pa mphindi imodzi pa voloti iriyonse imene yapatsidwa, ikakhala yopanda pulopela. Batire la lithium la zipinda zitatu, lolembedwa 3S, liri ndi mavoloti 11.1, popeza cipinda ciriconse ciri ndi 3.7, likadzala kumene limafika 12.6. Tsono mota ya 1000 KV pa batire lotere idzazungulira pafupifupi ka 11,100 pa mphindi, ndipo ya 2200 KV idzapitirira ka 24,000. Pulopela ikamangidwa liwiro limatsika ndithu, koma mota imayesabe kufika pa liwiro lace lija, ndipo poyesapo imakoka magetsi onse amene ikufuna. Mota siidziwa kukana nchito. Ikapatsidwa katundu woposa msinkhu wace siima, koma imamwa magetsi kufikira itapsa.

Kusiyana kwa mamota awiriwa kuli m'kamangidwe ka mawaya. Ya KV yocepa inazengedwa ndi waya woonda kambirimbiri. Ya KV yaikuru inazengedwa ndi waya wonenepa kowerengeka. Mkuwa ndi wofanana kulemera, ndipo mphamvu imene zingathe kupirira siisiyana kwenikweni. Wokwera njinga ya magiya adziwa bwino nkhani iyi: miyendo ndi yomweyo, koma giya lina ndi la citunda ndipo lina ndi la cidikha. Mota ya KV yocepa imayenera pulopela yaikuru yozungulira mofatsa, imene imakoka mwamphamvu ndi kukweza kandeke kolemera. Ya KV yaikuru imayenera kapulopela kakang'ono kothamanga. Pa batire la zipinda zitatu, mota ya 2212 ya 1000 KV imayenda ndi pulopela ya mainci 9 kapena 10, ya 1400 KV ndi ya mainci 8, ndipo ya 2200 KV ndi ya mainci 5 kapena 6.

Cifukwa cace kulakwa pang'ono kumaononga zambiri cimadziwika kwa anthu osamalira zopemerera mphepo za mumgodi, pakuti lamulo la copemerera cacikuru ndi la pulopela ya kandeke ndi limodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika siwirikiza kawiri ai, koma kasanu ndi katatu. Cotero munthu akacotsa mota ya 1000 KV naika ya 1400 KV, osasintha pulopela, waonjeza liwiro ndi magawo 4 okha mwa 10, koma mphamvu yofunika kuti pulopela ifike pa liwiro limenelo iri pafupi kuwirikiza katatu. Kukula kwa pulopela nakonso kuli ndi msampha wace. Kucoka pa mainci 10 kufika pa 11 kumaoneka ngati kanthu kacabe, koma pa liwiro lomwelo pulopela yaikuruyo imafuna mphamvu yoonjezereka pafupifupi ndi theka. N'cimodzimodzi ndi batire: woika la zipinda zinai m'malo mwa la zipinda zitatu, pulopela iri yomweyo, angakhale atawirikiza katundu wa mota kawiri ndi kupitirira. Ndipo kutentha kwa m'mawaya kumakula msanga koposa magetsi eni ace, pakuti maampu akawirikiza kawiri kutentha kumawirikiza kanai. Utoto woteteza waya umapserera, ndipo maginito wamba a neodymium amayamba kutaya mphamvu yao akatentha kupitirira madigiri 80, ndipo mphamvuyo sibweranso ngakhale atazizira.

Cifukwa ca ici, wofuna mota yolowa m'malo mwa yina asankhe ya KV yoyandikana ndi yakale, yosasiyana nayo koposa cigawo cimodzi mwa 10, ngati afuna kusunga pulopela ndi batire zimene ali nazo. Ikasiyana kwambiri, pulopela isinthidwe.

KUYAMBIRA PA KANDEKE KENI KACE

Nthawi zina zolembedwa pa mota yakale zinafufutika, kapena mota yace ndi yamaburashi imene manambala ace safanana ndi a masiku ano. Apa munthu aleke kuyang'ana mota, ayang'ane kandeke. Akayese pa sikelo pamodzi ndi batire lace. Muyeso umene oulutsa tindeke amatsata ndi wa mawati pa paundi iriyonse ya kulemera: kandeke kouluka mofatsa kapena kophunzirira kamakhuta ndi mawati 70 kufikira 90 pa paundi, kocita masewera opiringizika kamafuna 100 kapena kuposerapo, ndipo koimirira m'mwamba ndi pulopela yokha kamafuna 150 ndi kupitirira. Mawati 100 pa paundi ndiwo pafupifupi 220 pa kilogalamu. Mawati amapezeka pocurukitsa mavoloti ndi maampu, monga adziwa aliyense wogwira nchito ya magetsi.

Citsanzo ndi ici. Munthu ali ndi kandeke kakale ka magalamu 700 kamene kanali ndi Speed 400. Magalamu 700 ndiwo paundi imodzi ndi theka, ndipo mawati 120 angakakwanire bwino. Pa mavoloti 11 ndiye kuti maampu 11. Mota ya magalamu 50 idzasenza katundu ameneyu mosabvuta, ndipo ESC ya maampu 20 idzakhala ndi mpata wopumira. ESC isamagulidwe yongokwana ndendende. Ndalama zoonjeza n'zocepa poyerekeza ndi moto wa m'mwamba, makamaka popeza m'tindeke tambiri tating'ono kabokosi komweka ndi kamene kamapatsa magetsi ku wailesi yolandira mau ndi ku timakina tokhotetsa mapiko. Kakapsa, kandeke kamasanduka kagonthi, ndipo kamagwa kumene kafuna.

Kufikira apa zonse zayenda bwino, koma KV siinasankhidwe, ndipo wosankha weniweni ndi malo a pulopela. Speed 400 yopanda magiya inkazunguza pulopela ya mainci 6. Ngati mota iri kumphuno ndipo kandeke kamaponyedwa ndi dzanja, mwina pulopela ya mainci 9 ingakwane, ndipo 1000 KV idzakoka bwino koposa. Koma ngati mota iri pamwamba pa mapiko kuyang'ana kumbuyo, pulopela yaikuru idzadula msana wa kandeke. Ngati kali ndi miyendo yaifupi, idzakumba pansi. Pamenepo munthu akhale ndi mainci 6 omwewo, nasankhe KV yaikuru, nayese maampu mosamala. Rula ya mwana wa sukulu imathetsa mlandu uwu m'kamphindi, ndipo n'zacisoni kuti ambiri amaikumbukira katundu atafika kale.

Rula yomweyo iyesenso zibowo zomangira. Speed 400 iri ndi zibowo ziwiri zotalikirana mamilimita 16. Mota ya 2212 iri ndi zinai, ziwiri pa 16 ndi ziwiri pa 19, ndipo timabauti tace n'tonenepa pang'ono. Shafuti nayo, osati ya mgodi koma kacitsulo kogwira pulopela, imasiyana: ya Speed 400 ndi ya mamilimita 2.3, ya 2212 kawirikawiri ndi ya 3.17, motero cogwirira pulopela cakale sicilowa. Ndipo pali ngozi yina imene yapha mamota atsopano asanauluke ndi kamodzi komwe: kabauti kakatalika kamapyola citsulo nikaboola mawaya amkuwa m'kati. Asanamange, munthu asuzumire kuti nsonga ya kabauti ikulekera pati.

Kulemera kwa mota kuli ndi nchito yina yosaoneka. Kandeke kali ngati mtolo wa nkhuni pamutu: kamayenda bwino pokhapo pamene kalinganizidwa. Kwa tindeke ta mapiko oongoka, malo olinganira amakhala pafupifupi pa cigawo cimodzi mwa zinai kufikira cimodzi mwa zitatu ca phiko, kuyambira kutsogolo. Speed 400 imalemera magalamu oposa 70, ndipo yolowa m'malo mwace ikakhala ya 50, mphuno yapepuka ndi magalamu 20. Kandeke kolemera kumphuno kamauluka mwaulesi koma kamamvera. Kolemera kumcira kamadzuka, kamagwa, kamapotoka, ndipo sikacedwa kusweka. Mankhwala ace ndi kusendeza batire kutsogolo kufikira kandeke katakhala bwino pa nsonga za zala ziwiri pansi pa mapiko. Ndipo ngati thabwa logwira mota linapendekera pang'ono pansi ndi kudzanja lamanja, asaliongole poyesa kuti ndi kulakwa kwa mmisiri. Linaikidwa dala comweco kuti kandeke kasakwere kapena kukhotera kumanzere pamene mota yatseguliridwa mphamvu.

MPHEPO YA KU ZAMBIA

Pali cinthu cimene mapepala odza ndi mota sanena, cifukwa ziwerengero zao zambiri zimayesedwa m'maiko a m'mphepete mwa nyanja yamcere. Lusaka, Kitwe ndi Ndola ziri pamtunda wa mamita 1,200 kufikira 1,300, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka koposa wa kunyanja ndi cigawo coposa cimodzi mwa 10. Masana a mwezi wa October, dzuwa litawawa, kucepako kumayandikira cigawo cimodzi mwa zisanu. Pulopela ikamaluma mpweya wopepuka imakoka mofooka, phiko limafuna liwiro lalikuru kuti linyamule katundu yemweyo, ndipo mota siizizira msanga. Mbali yabwino ndi yakuti maampu amatsikako, motero pamakhala mpata woika pulopela yokulirapo pang'ono kapena yoluma kwambiri. Ndiye cifukwa cace kandeke kamene pepala lace likuti mawati 70 pa paundi akwanira kamaoneka kolema kuno, ndipo wanzeru amasankha mota ya kumtunda kwa muyeso. Koma wosintha pulopela cifukwa ca kutentha kwa October akumbukire kuti m'mamawa wa June mpweya ndi wolemera, ndipo maampu adzakweranso. Pfumbi la cirimwe nalonso ndi mdani, makamaka pafupi ndi migodi, pakuti maginito amatola tizidutswa tacitsulo kandeke kakatera pa dothi. Mota ikayamba kukhwekhwereza poizunguza ndi cala, ipukutidwe isanaulukenso.

Mota ikamangidwa, kuyesa koyamba kucitike pulopela itacotsedwa. Mota yamagetsi siicenjeza monga injini yamafuta. Imadzuka mwadzidzidzi ndi mphamvu yace yonse, ndipo pulopela ya pulasitiki imaceka cala kufikira pfupa. Ikazungulira cobwerera, munthu asinthanitse mawaya awiri alionse mwa atatu aja, ndipo idzatembenuka. Pulopela imangidwe mbali yolembedwa manambala itayang'ana kumene kandeke kakupita, cinkana mota iri kumbuyo. Yomangidwa cozondoka imazungulira ndi phokoso lalikuru koma kukoka kwace n'kocepa.

Kenaka padze kacipangizo koyesera mawati, kolumikizidwa pakati pa batire ndi ESC. Mtengo wace suposa kwambiri wa mota imodzi yaing'ono, ndipo anthu angapo angasonkherane kugula kamodzi. Wopanda ace abwereke, pakuti safunsa anadya phula. Mnzace agwire kandeke kumbuyo, ana onse aime kumbuyo komweko, ndipo mphamvu itsegulidwe yonse kwa masekondi 15 batire litadzala. Maampu akaposa muyeso wa mota kapena wa ESC, pulopela icepetsedwe ndi inci imodzi, nayesenso. Batire nalo liri ndi malire ace olembedwa ndi cilembo C: la 2200 mAh la 25C limanenedwa kuti lingaturutse maampu 55, koma ogulitsa ena amakometsa nambala iyi, ndipo batire likaturuka lotentha kapena lotupa ndiye kuti lalemedwa. Batire lotupa lisaikidwenso m'kandeke, ndipo lisasungidwe m'nyumba yogona anthu, cifukwa moto wa lithium subvuta kuyaka koma ubvuta kuzima.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, pa bwalo lopanda anthu, kutali ndi mawaya a magetsi ndi mabwalo a ndeke zazikuru. Patapita mphindi imodzi kapena ziwiri kandeke katere, batire licotsedwe, ndipo mwini wace aike cala pa cigoba ca mota. Akatha kucisiyapo nawerenga pang'onopang'ono kufikira zisanu, mota iri bwino. Akacicotsa msanga cifukwa ca kutentha, abwerere ku pulopela yaing'ono, kapena aboole kabowo kumphuno ndi kena kumbuyo kwa mapiko kuti mphepo ilowe ndi kuturuka.